SAYANSI-TANZANIA: Magalasi opindika akuonetsa milalang'amba yakutali, koma dera lino likungoonerera

DAR ES SALAAM — Usiku wopanda mitambo, nyenyezi zomwe zimatuluka pamwamba pa nyanja ya mchere ya India, kum'mawa kwa mzinda uno, zimaphethira kwambiri moti zina zimaoneka ngati zikusintha mtundu. Kwa asodzi a ku Kivukoni ndiponso anthu owoloka pa chombo kupita ku Kigamboni, kuphethirako n'kukongola chabe kwa usiku. Kwa akatswiri a zakuthambo, ndi vuto lomwe lidawasowetsa mtendere kwa zaka zoposa 350.

Nyenyezi payokha siphethira. Kuwala kwake kumayenda zaka zambirimbiri popanda chokusokoneza, n'kudzaonongeka kutatsala makilomita ochepa kuti kufike pansi, pamene kwalowa mumpweya wozungulira dziko lapansi. Mpweyawu uli ndi timatumba totentha ndi tozizira tomwe mphepo imatisakaniza mosalekeza, ndipo kathumba kalikonse kamakhotetsa kuwala pang'ono m'njira yakeyake. Munthu amene adayendapo pa msewu wa Morogoro dzuwa lili paliwombo, n'kuona galimoto za kutsogolo zikunjenjemera pamwamba pa phula ngati zili m'madzi, adaliona kale vutoli ndi maso ake.

Luso lothana ndi vutoli, lomwe pa Chingerezi amalitchula kuti adaptive optics, ndilo lathandiza akatswiri kuona mkati mwa milalang'amba yomwe kuwala kwake kudanyamuka zaka 11 biliyoni zapitazo. Matelesikopu akuluakulu okhala ndi lusoli ali makamaka ku Chile ndi ku Hawaii, ndipo izi zikusiya maiko monga Tanzania, Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi funso lakuti angatengepo mbali yotani pa kafukufuku wotere.

Mlalang'amba ndi gulu lalikulu la nyenyezi, mpweya ndi fumbi zomwe zimagwirana pamodzi ndi mphamvu yokoka. Dzuwa ndi nyenyezi imodzi mwa nyenyezi zoposa 100 biliyoni za mu mlalang'amba wotchedwa Milky Way, womwe anthu a kumudzi, kutali ndi magetsi, amauona ngati mzere wa utsi wodutsa pakati pa thambo. Milalang'amba ina ilipo mabiliyoni ambiri. Popeza kuwala kumatenga nthawi kuti kufike kuno, kuyang'ana mlalang'amba wakutali n'chimodzimodzi kuyang'ana m'mbuyo: munthu amauona mmene udalili pamene kuwalako kunkanyamuka, osati mmene ulili lero. Choncho amene akufuna kudziwa mmene Milky Way idayambira amafufuza milalang'amba yakutali kwambiri, yomwe imaoneka idakali yanthete.

Chovuta n'chakuti milalang'amba imeneyi imaoneka yaing'ono zedi. Akatswiri amayeza kukula kwa chinthu kuthambo ndi kachigawo kotchedwa arcsecond, komwe ndi digiri imodzi yogawidwa m'magawo 3,600. Kachigawo kamodzi kotere n'kofanana ndi kukula komwe ndalama yachitsulo ya masentimita awiri ndi theka ingaoneke nako itaikidwa pa mtunda wa makilomita asanu. Mwezi wathunthu ndi wotambalala tizigawo pafupifupi 1,800. Mlalang'amba wa zaka 10 kapena 11 biliyoni zapitazo nthawi zambiri ndi wotambalala kachigawo kamodzi kapena tiwiri basi.

Tsono mpweya umafufutiza kadontho kalikonse ka kuwala n'kukasandutsa banga lotambalala pafupifupi kachigawo kamodzi, ndipo ngakhale pa mapiri abwino kwambiri bangalo silichepa kwenikweni kuposa theka la kachigawo. Mlalang'amba wonse, ndi nyenyezi zake mabiliyoni, umangosanduka chimbuuzi chopanda mutu kapena mchira.

Kukulitsa galasi la telesikopu sikuthetsa vutoli. Galasi lalikulu limasonkhanitsa kuwala kochuluka, ndipo mwa malamulo a fizikisi liyeneranso kusiyanitsa tinthu ting'onoting'ono bwino lomwe. Koma timatumba ta mpweya tija timakhala ta masentimita 10 mpaka 20 m'lifupi, kotero galasi la mamita 10 limayang'ana kudzera m'timatumba masauzande nthawi imodzi, kalikonse kakukokera kwake. Mapeto ake, telesikopu ya ndalama zankhaninkhani imaona zinthu zozimiririka kwambiri, inde, koma siziona momveka bwino kuposa katelesikopu ka masentimita 20 komwe munthu angagule m'sitolo.

Isaac Newton adalizindikira vutoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mankhwala okhawo omwe adawaona adali kunyamula telesikopu kupita nayo pamwamba pa mapiri, komwe mpweya ndi wodekha. Akatswiri adatsata malangizowo. Matelesikopu awiri a Keck, lililonse la galasi la mamita 10, ali pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, pa mtunda wopitirira mamita 4,000 kuchokera pamwamba pa nyanja. Matelesikopu anayi a mamita 8.2 a bungwe la maiko a ku Ulaya la European Southern Observatory, omwe onse pamodzi amatchedwa Very Large Telescope kapena VLT, ali pa phiri la Paranal m'chipululu cha Atacama ku Chile, pa mamita pafupifupi 2,600. Phiri limachepetsa vutoli koma silimalichotsa.

Ganizo lolichotsa lidachokera kwa Horace Babcock, katswiri wa ku California, m'chaka cha 1953. Iye adati ngati munthu atha kuyeza mmene mpweya wakhotetsera kuwala, athanso kukukhotetsa mobweza kusanafike pa chojambulira. Pa nthawiyo kudalibe kompyuta yothamanga mokwanira. Asilikali a dziko la America, omwe ankafuna kujambula masetilaiti a dziko la Soviet Union, ndiwo adalimbikira ntchitoyi mwachinsinsi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo zambiri zomwe adapeza zidaululidwa mu 1991. Akatswiri a ku France ndi anzawo a ku Ulaya adali atayamba kale paokha: makina awo otchedwa COME-ON adajambula nyenyezi mwa njirayi mu 1989. Telesikopu ya Keck II idalandira makina otere mu 1999, ndipo VLT idatsatira kumapeto kwa 2001.

Kagwiridwe kake ka ntchito kali ndi mbali zitatu zomwe zimathamangitsana. Choyamba, gawo lina la kuwala kwa nyenyezi imodzi yowala, yomwe ili pafupi ndi chinthu chofuna kujambulidwacho, limapatutsidwa kupita pa choyezera. M'makina ambiri choyezerachi ndi gome la timagalasi ting'onoting'ono mazanamazana, ndipo kalikonse kamapanga kadontho kake ka nyenyeziyo. Mpweya ukadakhala wabata, timadonthoto tikadandandalika m'mizere yowongoka ngati chimanga chobzalidwa ndi chingwe. Popeza suli wabata, kadontho kalikonse kamasunthira kumbali, ndipo kusunthako kumasonyeza mmene kuwala kwapindikira pamalopo.

Kenako kompyuta imawerengera mawonekedwe omwe angabweze kupindikako. Pomaliza imatumiza uthenga ku galasi lopyapyala lomwe kuseri kwake kuli timakina tokankha ndi kukoka. Pomwe kuwala kwafika mofulumira, galasi limabwerera m'mbuyo. Pomwe kwachedwa, limatukuka kukakumana nako. Kusuntha kwake ndi kwa tizigawo ta milimita imodzi yogawidwa ka 1,000, koti diso silingaone. Ndipo popeza mphepo imasintha timatumba ta mpweya m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, zonsezi ziyenera kubwerezedwa kambirimbiri, mpaka ka 1,000 pa sekondi imodzi, usiku wonse. Pa telesikopu yachinayi ya VLT pali galasi lotere la mita imodzi ndi masentimita 10 m'lifupi, lochindikala mamilimita awiri okha, ndipo limayendetsedwa ndi timakina 1,170.

Phindu lake ndi la pawiri. Chithunzi chimamveka bwino kuwirikiza kakhumi kapena kupitirira apo. Komanso kuwala komwe kudamwazikana m'banga lalikulu kumasonkhana pa kadontho kamodzi, motero chinthu chozimiririka chimaonekera pakati pa kuyera kwa thambo lenilenilo, lomwe silikhala lakuda bii ngakhale pakati pa usiku.

Panali chopinga chimodzi chachikulu, ndipo chidakhudza kwambiri ofufuza milalang'amba. Nyenyezi yoyezera ija iyenera kukhala yowala ndithu, komanso pafupi kwambiri ndi chinthu chofufuzidwacho, chifukwa kuwala kwa ziwirizi kuyenera kudutsa mumpweya womwewo. Nyenyezi zotere n'zosowa. Choipiraipira n'chakuti malo omwe akatswiri amafufuzako milalang'amba yakutali amasankhidwa dala kuti asakhale ndi nyenyezi zowala, popeza kuwala kwake kumaphimba zozimiririka.

Yankho lidali kupanga nyenyezi yonamizira. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 m'mwamba pali mpweya wokhala ndi maatomu a sodiyamu, otsalira a timiyala ta kuthambo tomwe timapsa polowa mumpweya wa dziko lapansi. Telesikopu ikaloza kumeneko ndi kuwala kwamphamvu kwa laser kwa mtundu wachikasu, maatomuwo amayaka n'kupanga kadontho kooneka ngati nyenyezi, paliponse pomwe katswiri wafuna. Keck II idayamba kufufuza ndi laser mu 2004, VLT idayatsa yake mu 2006, ndipo mu 2016 idaonjeza zinayi zowala nthawi imodzi. Ngakhale zili choncho, nyenyezi yeniyeni imafunikabe, kungoti yozimiririka imakwanira. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kwa laser kumadutsa mumpweya kawiri, popita ndi pobwera, ndipo sikutha kuonetsa kugwedezeka kwa chithunzi chonse. Palinso ntchito ina yomwe anthu saiganizira: laser imazimitsidwa ndege ikamayandikira, kuopa kuthobwa woyendetsa m'maso.

Zomwe lusoli lidasintha pa kamvedwe ka milalang'amba zidaonekera bwino mu Ogasiti 2006, pamene gulu lotsogozedwa ndi Reinhard Genzel wa ku Max Planck Institute ku Germany lidafalitsa m'magazini ya Nature zomwe lidapeza pa mlalang'amba wotchedwa BzK-15504. Kuwala kwake kudanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 3 biliyoni, pomwe lero chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Pogwiritsa ntchito chipangizo cha SINFONI pa VLT, gululi lidasiyanitsa tizigawo ta mlalang'ambawo totalikirana 0.15 ya arcsecond, womwe pa mtunda umenewo ndi ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 4,000.

Apa chilengedwe chidawakomera mtima akatswiriwa. Adaptive optics imagwira bwino kwambiri pa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, komwe mafunde ake ndi aatali ndipo mpweya suwasokoneza kwambiri. Nthawi yomweyo, kufutukuka kwa chilengedwe kumatalikitsa mafunde a kuwala kochokera kutali. Kuwala kofiira komwe mpweya wa haidirojeni umatulutsa pamalo pomwe nyenyezi zatsopano zikubadwa kumafika kuno kuchokera ku BzK-15504 mafunde ake atatalika kuposa katatu, kutasanduka infrared yemweyo amene makinawa amamudziwa bwino.

SINFONI sinkangojambula chithunzi. Pa kadontho kalikonse ka chithunzicho inkamwaza kuwala m'mitundu yake, monga mmene madontho a mvula amapangira utawaleza. Mbali ya mlalang'amba yomwe ikubwera chakuno imafupikitsa mafunde a kuwala pang'ono, yomwe ikupita kutali imawatalikitsa, mofanana ndi mmene kulira kwa hutala ya galimoto kumasinthira ikamadutsa. Mapu omwe adatuluka adasonyeza mbali imodzi ikubwera, ina ikupita, mwadongosolo: mlalang'ambawo udali chimbale chachikulu chozungulira pa liwiro la makilomita pafupifupi 230 pa sekondi, lofanana ndi la Milky Way, ndipo unkabala nyenyezi zolemera ngati madzuwa oposa 100 chaka chilichonse. Milky Way imabala dzuwa limodzi kapena awiri pachaka.

Izi zidadabwitsa ambiri. Pa zithunzi wamba milalang'amba ya nthawi imeneyo imaoneka yamabuluma ndi yosalongosoka, ndipo ambiri ankaganiza kuti ndi timilalang'amba tikuwombana. Kafukufuku wotsatira, wotsogozedwa ndi Natascha Förster Schreiber pa milalang'amba makumi angapo, adasonyeza kuti ina ikuwombanadi, koma yambiri ndi zimbale zozungulira zodzaza ndi mpweya, zomwe mabuluma ake ndi malo obadwirako nyenyezi. Popanda galasi lopindika lija, kusiyanitsa ziwirizi kukadakhala kungoganizira.

Mu 2008 gulu lina, pogwiritsa ntchito laser ya Keck, lidaona kuzungulira kwa mlalang'amba wakale kuposa pamenepo, wodziwika ndi dzina lakuti Cosmic Eye, mothandizidwa ndi mlalang'amba wina wapafupi womwe mphamvu yake yokoka imapinda kuwala ngati galasi lokuzira zinthu. Luso lomweli ndi lomwe lidathandiza Genzel ndi Andrea Ghez wa ku Los Angeles, aliyense ndi gulu lake, kulondola nyenyezi zozungulira pakati pa Milky Way n'kutsimikiza kuti pali dzenje lakuda lolemera ngati madzuwa 4 miliyoni. Awiriwa adalandira nawo mphoto ya Nobel mu 2020.

Wina angafunse chifukwa chovutikira chonchi pomwe telesikopu itha kutumizidwa kunja kwa mpweya. Hubble, yomwe idaulutsidwa mu 1990, ndi James Webb, ya mu Disembala 2021, zili kumeneko, ndipo siziona kuphethira kulikonse. Koma roketi ili ndi malire a katundu yemwe inganyamule. Galasi la Hubble ndi la mamita 2.4, la Webb ndi la 6.5. Ku Chile, bungwe la ku Ulaya lija lidaika mwala wa maziko mu 2017 wa telesikopu ya pa phiri la Armazones, ya galasi la mamita 39, lopangidwa ndi zidutswa 798, ndipo limodzi mwa magalasi ake ndi lopindika, la timakina toposa 5,000. Telesikopu imeneyo, ya mayuro oposa biliyoni imodzi, ikadakhala yopanda phindu lenileni popanda adaptive optics.

Kum'mwera kwa Africa nkhani ndi ina. Telesikopu yaikulu ya dera lino, Southern African Large Telescope kapena SALT, ili ku Sutherland m'dziko la South Africa ndipo idatsegulidwa ndi Pulezidenti Thabo Mbeki mu Novembala 2005. Galasi lake, la zidutswa 91, ndi la mamita pafupifupi 11, lofanana ndi a ku Hawaii. Koma idamangidwa mosamala ndalama, motengera telesikopu ya Hobby-Eberly ya ku Texas, ndipo mphamvu yake ili pa kumwaza kuwala m'mitundu yake, osati pa zithunzi zakuthwa. Ilibe galasi lobweza kupindika kwa mpweya. Dera lino lidaika mtima kwambiri pa matelesikopu omvera mafunde a wailesi, omwe mitambo siwavutitsa kwenikweni: MeerKAT, ya mbale 64, idatsegulidwa m'chipululu cha Karoo mu 2018, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array. Tanzania ndi Malawi mulibe m'gululi.

Dar es Salaam payokha si malo a telesikopu yaikulu, ndipo palibe galasi lopindika lomwe lingasinthe zimenezo. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja, pansi pa mpweya wonse, wotentha ndi wachinyezi, ndipo nthunzi ya madzi imameza kuwala kwa infrared. Magetsi a anthu oposa 5 miliyoni omwe adawerengedwa mu 2022 amayeretsa thambo. Adaptive optics imawongola kuwala komwe kwafika. Singabweze komwe kwatsekeredwa ndi mtambo.

Komabe Tanzania ili ndi mwayi womwe maiko ambiri alibe. Dar es Salaam ili madigiri osakwana asanu ndi awiri kum'mwera kwa equator, kutanthauza kuti m'kati mwa chaka munthu amaona pafupifupi thambo lonse, la kumpoto ndi la kum'mwera lomwe. Kumpoto kwa dzikoli kuli Kilimanjaro, wa mamita 5,895, wamtali kuposa Mauna Kea, ndi Meru, woposa mamita 4,500. Kutalika kokha sikokwanira. Phiri lisanasankhidwe, akatswiri amayeza kwa zaka zingapo kuchuluka kwa mausiku opanda mitambo, chinyezi, mphepo ndi kudekha kwa mpweya, ndipo ntchito yoyezayo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi telesikopu yeniyeniyo. Kilimanjaro ndi malo otetezedwa, ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1987, ndipo zionetsero za eni nthaka ku Mauna Kea mu 2019, zomwe zidaimitsa kumanga telesikopu ya mamita 30, zidasonyeza kuti phiri silikhala la akatswiri okha.

Zomwe zilipo pakadali pano ndi zazing'ono. Pa sukulu ya sekondale ya Ailanga, m'munsi mwa phiri la Meru pafupi ndi Arusha, padaikidwa telesikopu ya galasi la masentimita 30 mu 2019 kuti aphunzitsi ndi ana asukulu aziphunzirirapo. Ku Dar es Salaam, Dr Noorali Jiwaji, amene adaphunzitsa fizikisi kwa zaka zambiri pa Open University of Tanzania, wakhala mmodzi mwa anthu odziwika pofotokozera anthu wamba za kuthambo, ndipo adathandiza kukonzekeretsa dziko pa kadamsana wa pa 1 Seputembala 2016, yemwe adakokera khamu la anthu ku Rujewa m'chigawo cha Mbeya. Mu 2019, bungwe la International Astronomical Union litapatsa maiko mwayi wotcha maina nyenyezi ndi pulaneti yake, Tanzania idasankha Mpingo ndi Tanzanite. Wolankhula Chichewa asaganize za tchalitchi: pa Chiswahili mpingo ndi mtengo wa phingo, womwe osema ziboliboli amaukonda. Zambia idatcha pulaneti yake Madalitso.

Khomo lomwe lili lotseguka kale si la phiri koma la kompyuta. Zomwe VLT yajambula zimasungidwa m'nkhokwe ya pa intaneti, ndipo kawirikawiri pakatha chaka chimodzi aliyense, kulikonse, atha kuzitenga kwaulere. Keck nayo ili ndi nkhokwe yake. Zomwe SINFONI idajambula pa BzK-15504 zili m'gulu limeneli. Kale chopinga chidali intaneti yodula ndi yochedwa ya pa setilaiti, koma chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chidafika ku Dar es Salaam mu Julayi 2009, cha EASSy mu 2010, ndipo mayunivesite a dera lino amalumikizana kudzera m'bungwe la UbuntuNet Alliance, lomwe lidakhazikitsa ofesi yake ku Lilongwe. Wophunzira wa pa University of Dar es Salaam kapena wa ku Zomba atha kukhala ndi zojambulidwa zomwezo zomwe mnzake wa ku Munich ali nazo. Chomwe chimasowa kwambiri ndi mphunzitsi womutsogolera pa ntchito ya miyezi yambiri yochotsa kuwala kwa thambo ndi zilema za makina m'zojambulidwazo, popeza akatswiri a zakuthambo m'maiko anayi onsewa ndi owerengeka.

Kwa nduna ya zachuma yomwe ikugawa ndalama pakati pa mankhwala, feteleza ndi misewu, milalang'amba ingaoneke ngati nkhani ya anthu okhuta. Mkanganowo ndi womveka, koma lusoli silithera kuthambo. Diso la munthu nalo limakhotetsa kuwala, ndipo mu 1997 akatswiri a pa yunivesite ya Rochester ku America adagwiritsa ntchito galasi lopindika lomwelo pojambula maselo amodziamodzi a kuseri kwa diso la munthu wamoyo. Njirayi ikugwiritsidwanso ntchito m'mamaikulosikopu ofufuzira mkati mwa minofu, ndiponso potumiza mauthenga ndi laser pakati pa setilaiti ndi dziko lapansi, pomwe mpweya wosokoneza nyenyezi uja umasokonezanso uthenga.